Chotupa cha mu impso chosakhala khansa: kodi ana angatengere?

Mawu oti "chotupa" akangotuluka pakamwa pa dokotala, ambirife timazizidwa nkhongono nthawi yomweyo. Maganizo amathamangira ku khansa, kenaka kumanda. Ukafika kunyumba nkhani imakula. Wina akuti n'zolodza, wina akuti n'zakuchimuna, wina akuti ayi, matenda amenewa ali kuchikazi. Mapeto ake banja lomwe limayenera kugwirana manja layamba kulozana zala.

Sabata ino tikambirane za chotupa china chomwe chimamera mu impso koma si khansa ayi. Madokotala amachitchula kuti angiomyolipoma. Dzinali n'lopinda lilime, koma nkhani yake ikukukhudzani inu amene mwangolowa kumene m'banja, inu amene muli pachitomero, komanso inu makolo amene mukulera ana aang'ono. Mwa anthu ena chotupachi n'chakumtundu, ndipo chikakhala chakumtundu sichibwera chokha. Chimayamba chatumiza zizindikiro pakhungu ndi mu ubongo wa mwana, zaka zambiri impso zisanayambe kuvuta. Kholo lodziwa zizindikirozi likhoza kupulumutsa impso za mwana wake, mwinanso ndi moyo womwe.

Chotupachi n'chotani?

Munthu amabadwa ndi impso ziwiri. Zili chakumsana, m'munsi mwa nthiti, ina kumanja ina kumanzere, ndipo iliyonse kukula kwake n'ngati chibakera cha mwini wake. Ntchito yake n'kusefa magazi usana ndi usiku. Patsiku impso za munthu wamkulu zimasefa madzi okwana malita pafupifupi 180, n'kubwezera ambiri m'thupi, n'kutaya lita imodzi kapena awiri ngati mkodzo. Impso zimathandizanso kuti magazi asathamange mopitirira muyezo.

Dzina loti angiomyolipoma lidachokera ku mawu atatu a Chigiriki otanthauza mitsempha ya magazi, minofu ndi mafuta, poti izi n'zomwe zimapezeka m'kati mwa chotupacho. Mwa zotupa za mu impso zosakhala khansa, chimenechi chili m'gulu la zopezeka kawirikawiri. Kusiyana kwake ndi khansa n'koti chimakula pamalo pomwe chamera, sichiyendayenda m'thupi kukagwira chiwindi kapena mafupa.

Anthu ambiri amene ali nacho sadziwa n'komwe. Chimatulukira mwangozi, munthu atapita kukajambulitsa m'mimba pa vuto lina, kapena mayi akamuunika mimba. Mafuta a m'chotupacho amawala pa sikani, ndipo n'zimene zimathandiza dokotala kuchizindikira.

Komatu kusakhala khansa sikutanthauza kuti n'chosaopsa. Mitsempha ya magazi ya m'chotupachi ndi yosalimba, makoma ake ndi opyapyala. Chotupa chikamakula, makamaka chikapitirira masentimita 4, ngati kandimu kakang'ono, mtsempha ukhoza kuphulika munthu n'kutaya magazi ambiri m'kati mwa thupi, kunja kosaoneka kanthu. Zotupa zikachulukanso mu impso zonse ziwiri zimadya malo a mnofu wabwino, ndipo pang'ono ndi pang'ono impso zimafooka.

Magulu ake alipo awiri

Musanayambe kuda nkhawa ndi ana anu, dziwani kuti eni zotupazi ali m'magulu awiri.

Gulu loyamba ndi lalikulu, pafupifupi anthu 8 mwa 10 alionse. Mwa amenewa chotupa chimangobwera chokha, popanda za kumtundu. Kawirikawiri amakhala amayi azaka zoyambira 40 kupita m'tsogolo, chotupa chimakhala chimodzi, mu impso imodzi, ndipo chimakula pang'onopang'ono. Ngati muli m'gulu ili, mtima m'malo. Ana anu satengera.

Gulu lachiwiri, anthu pafupifupi 2 mwa 10 alionse, ndi la amene ali ndi matenda obadwa nawo otchedwa tuberous sclerosis, mwachidule TSC. Mwa awa zotupa zimayamba munthu akadali mwana, zimakhala zambiri, ndipo zimagwira impso zonse ziwiri. Matendawa adawalongosola bwino ndi dokotala wa ku France, Désiré-Magloire Bourneville, m'chaka cha 1880. Iye adapeza timibulu tolimba mu ubongo wa mtsikana wina amene adali ndi khunyu, tooneka ngati timbatata, ndipo dzina la matendawa lidachokera pamenepo. Akatswiri amati mwana mmodzi mwa ana 6,000 mpaka 10,000 obadwa amakhala ndi TSC. Sasankha mtundu wa anthu kapena dziko, sasankhanso mnyamata kapena mtsikana. Mwa anthu 10 alionse a TSC, pafupifupi 8 amadzakhala ndi zotupa za mu impso zimenezi.

Mabuleki a m'thupi

Kuti timvetse gwero lake, tilowe kaye m'kati mwa thupi. Thupi lidamangidwa ndi tizinthu ting'onoting'ono totchedwa maselo, monga momwe nyumba imamangidwira ndi njerwa. M'selo lililonse muli malangizo a momwe munthuyo akhalire: msinkhu, khungu, mphuno ya agogo ake ija. Malangizowa asayansi amawatchula kuti majini. Apa musasokoneze ndi majini a ziwanda aja ayi, awa ndi mawu a sayansi chabe. Munthu ali ndi majini pafupifupi 20,000, ndipo adasanjidwa pa timizere 46 totchedwa makromozomu. Timizere 23 timachokera kwa bambo, 23 kwa mayi. Choncho pafupifupi jini lililonse timakhala nalo pawiri, lina la kuchimuna lina la kuchikazi.

Pa nkhani yathuyi majini ofunika ndi awiri. Lina ndi TSC2, lomwe lili pa kromozomu nambala 16 ndipo lidapezeka m'chaka cha 1993. Linzake ndi TSC1, la pa kromozomu nambala 9, lomwe lidapezeka mu 1997. Majini awiriwa amagwira ntchito limodzi ngati buleki. Selo likakula n'kugawikana mokwanira, iwo ndi amene amaliuza kuti basi, ima pomwepo.

Taganizirani njinga ya kabaza yomwe ili ndi mabuleki awiri, ya kutsogolo ndi ya kumbuyo. Imodzi ikaduka, wakabaza amaimabe ndi inayo. Ngozi imabwera zonse zikaduka ali pamtsetse. Selo nalonso n'chimodzimodzi. Likataya buleki yochokera kwa bambo limadalira ya kwa mayi. Likataya zonse ziwiri limangochulukana osaleka, ndipo chotupa chimayambira pamenepo.

Tsono munthu wa gulu loyamba lija amabadwa ndi mabuleki onse ali bwinobwino. Pamatenga zaka zambiri, ndi tsoka ndithu, kuti selo limodzi la mu impso litaye onse awiri. N'chifukwa chake chotupa chake chimakhala chimodzi ndipo chimabwera atakula. Kuonongekako kuli m'chotupamo basi, mu mbewu yake ya ubereki mulibe, kotero sangapatsire mwana.

Koma munthu wa TSC amabadwa buleki imodzi ili yoduka kale m'maselo a thupi lake lonse. Paliponse pomwe yotsalayo yaduka, kaya mu impso, pakhungu, mu ubongo, mu mtima kapena m'mapapo, pamamera kanthu. Ganizo loti chotupa chimayamba mabuleki onse awiri akaduka adalifotokoza ndi dokotala wa ku America, Alfred Knudson, mu 1971, pomwe ankafufuza khansa ya m'maso mwa ana. Mwa majini awiri aja, TSC2 ndilo limapezeka loonongeka mwa anthu ambiri, ndipo nthawi zambiri matenda ake amakhala amphamvu kuposa a TSC1.

Palinso matenda ena akumtundu, osowa kwambiri, otchedwa Birt-Hogg-Dubé potengera maina a madokotala atatu a ku Canada amene adawalongosola mu 1977. Amenewa amabweretsa zotupa za mtundu wina mu impso, zina zosakhala khansa zina za khansa, ndipo amaonekera munthu atakula. Katengeredwe kake n'kofanana ndi ka TSC.

Nanga mwana amatengera bwanji?

Ngati mmodzi mwa inu, bambo kapena mayi, ali ndi TSC, mwana aliyense amene mungabereke ali ndi mwayi wa theka kutengera, theka osatengera. Zili ngati kuponya ndalama yachitsulo m'mwamba. Ndipo mimba iliyonse n'kuponya kwatsopano. Musamati poti woyamba watengera ndiye kuti wachiwiri apulumuka, kapena poti atatu ali bwino ndiye kuti wachinayi ndi wake. Banja lina la ana anayi likhoza kukhala ndi odwala atatu, lina osakhala naye ndi mmodzi yemwe. Mwana amene sadatengere sangapatsirenso ana ake, mzere umathera pomwepo.

Apa TSC ikusiyana ndi chialubino kapena matenda a sickle cell. Pa amenewo, mwana amayenera kulandira jini loonongeka kuchokera kwa makolo onse awiri. Pa TSC kholo limodzi n'lokwanira. Choncho si nkhani yoti anthu adakwatirana pachisuweni ayi.

Koma imvani ichi, inu apongozi ndi inu ankhoswe. Mwa ana atatu alionse obadwa ndi TSC, awiri amabadwa kwa makolo amene alibe matendawa ngakhale pang'ono. Jini limaonongeka lokha mu mbewu ya bambo, mu dzira la mayi, kapena m'masiku oyambirira mimba itangoima. Zimangochitika, monga mlembi waluso amaphonya chilembo chimodzi pokopera buku lalikulu. Palibe chomwe mayi adadya, palibe mwambo womwe bambo adaswa. Si tsempho, si ufiti, si njira zolera, si chilango cha tchimo. Ndiye kukhalira pansi kuzenga mlandu woti matendawa abwera ndi ndani n'kutaya nthawi yomwe mwana akadaonedwa ndi dokotala.

Makolo amene ayezedwa bwinobwino n'kupezeka alibe TSC, mwayi woti mwana wina adzabadwenso nayo ndi wochepa, pafupifupi 1 kapena 2 mwa 100. Mawu oti "bwinobwino" tawanena dala. Matendawa amasiyana mphamvu ngakhale m'nyumba imodzi. Bambo akhoza kukhala ndi timawanga tiwiri kumsana ndi tizotupa mu impso tomwe sakutidziwa, akugwira ntchito yake bwinobwino, koma mwana wake n'kumadwala khunyu kwambiri. N'chifukwa chake mwana akapezeka ndi TSC, makolo onse awiri ayenera kuonedwa khungu, maso ndi impso. Abambo, musangotuma mayi kuchipatala inu n'kutsala. Thupi lanu nalonso likufunika pamenepo.

Zizindikiro zomwe kholo lingaone

Impso sizilankhula msanga, koma khungu limalankhula. Pakhungu lakuda ngati lathuli zizindikiro zina zimaoneka mosavuta, bola kudziwa chomwe ukuyang'ana.

Choyamba ndi mawanga otuwa kapena oyererako, osatukuka, osayabwa, ambiri ooneka ngati tsamba lalitali. Mwana amabadwa nawo kapena amaoneka m'miyezi yoyambirira, kumsana, pamimba, m'matako kapena m'miyendo. Ana pafupifupi 9 mwa 10 a TSC amakhala nawo. Ambiri amawayesa zikanga n'kumapaka mankhwala osasintha kanthu, ena amaopa khate. Banga limodzi lisakuopseni, ana ambiri athanzi ali nalo. Madokotala amayamba kuganizira TSC mawanga akakhala atatu kapena kuposa.

Chachiwiri ndi khunyu, yomwe imagwira anthu oposa 8 mwa 10 a TSC, ndipo kawirikawiri imayamba mwana asanakwanitse chaka. Mwa khanda siioneka ngati khunyu yomwe tidaizolowera. Mwana amangodzidzimuka, mutu n'kugwera kutsogolo, manja n'kutambasuka kapena kupindika, kwa kamphindi, n'kubwereza kangapo motsatizana, makamaka akangodzuka kutulo. Thupi silitentha ngati pa malungo. Amayi ambiri amati ndi m'mimba mwapota kapena walota zoopsa. Mukaona izi, makamaka mwana akasiya kumwetulira kapena kuchita zomwe ankachita kale, musadikire tsiku la sikelo. Kukomoka kwa mtundu umenewu kukachedwa kuthandizidwa kumabwezera m'mbuyo nzeru za mwana. Mankhwala omwe amathandiza kwambiri ana a TSC pa vutoli ndi vigabatrin. Ngati muli ndi foni ya kamera, jambulani mwanayo zikamamuchitikira mukaonetse dokotala.

Chachitatu ndi timibulu ting'onoting'ono tolimba pamphuno, m'masaya ndi pachibwano, tomwe timayamba mwana ali ndi zaka zitatu, zinayi kapena zisanu, n'kumachuluka akamakula. Anthu amati ndi ziphuphu. Koma mwana wa ku mkombaphala ziphuphu azitenga kuti? Timeneti tilibe mafinya, ndipo mukatifinya timangotuluka magazi.

Zina ndi chigamba cha khungu lokhuthala, lokhakhala ngati khungu la lalanje, chakumunsi kwa msana, ndi timinofu tomera m'mbali kapena pansi pa zikhadabo, makamaka za kumapazi, munthu akafika paunyamata. Nthawi zina chizindikiro choyambirira chimaoneka mwana akadali m'mimba, sikani ikaonetsa tizotupa mu mtima wake. Timeneti nthawi zambiri timachepa tokha mwana akamakula.

Ana ena a TSC amachedwa kukhala, kuyenda ndi kulankhula, ena amavutika kucheza ndi anzawo. Koma pafupifupi theka la anthu a TSC nzeru zawo zili bwinobwino. Amaphunzira, amagwira ntchito, amakwatira. Choncho mwana wotere musamutsekere m'nyumba kapena kumuletsa sukulu. Ndipo khunyu sipatsirana, kaya ndi thovu, kaya ndi mpweya woipa, kaya kudyera mbale imodzi. Akagwa mugonekeni cham'mbali, mumuchotse pafupi ndi moto kapena madzi, ndipo musamuike supuni m'kamwa.

Chizindikiro chimodzi pachokha si umboni. Koma mukaona ziwiri kapena zitatu mwa munthu mmodzi, monga mawanga oyera pamodzi ndi khunyu, kauzeni dokotala zonse nthawi imodzi, ndipo mufunse ngati impso zikufunika kujambulidwa. Vuto lomwe limachitika n'loti khungu timapita nalo kwina, khunyu kwina, osadziwa kuti muzu wake ndi umodzi.

Amayi, nkhani ya mimba

Apa m'pomwe achinyamata muyenera kutchera khutu. Zotupazi zimamva michere ya m'thupi la mkazi, makamaka wotchedwa estrogen. Mayi akakhala woyembekezera michereyi imachuluka, magazi m'thupi amachulukanso, ndipo chotupa chomwe chidali phee chikhoza kukula msanga kapena kuphulika. Izi zikachitika miyoyo iwiri imakhala pachiswe.

Sitikunena kuti mayi wa chotupachi asabereke. Ambiri amabereka bwinobwino. Tikunena kuti ngati mukudziwa kuti muli ndi chotupa mu impso, kapena muli ndi zizindikiro za TSC, kajambulitseni impso musanatenge mimba. Chotupa chachikulu chimatheka kuthandizidwa mimba isanaime. Mukaima, yambani sikelo msanga, auzeni anamwino za vutoli, lilembedwe m'buku lanu la kuchipatala, ndipo konzekani kukachilira kuchipatala chachikulu komwe kuli magazi ndi madokotala a opaleshoni.

Pa nkhani ya kulera, mapilitsi ena ali ndi estrogen. Musasiye kulera chifukwa cha nkhaniyi, koma auzeni azaumoyo za chotupacho kuti akusankhireni njira yoyenera, poti njira zopanda mchere umenewu zilipo.

Amayi a TSC ali ndi chinanso choyang'anira. Ena akakula mapapo awo amachita timabowo, vuto lomwe madokotala amalitchula kuti LAM. Mukamachita befu pa ntchito yomwe kale munkaigwira osatopa, kapena mukamva kubaya kwadzidzidzi pachifuwa mpweya n'kubanika, pitani kuchipatala ndipo mutchule za TSC, kuopa kuti angaganizire chifuwa chachikulu chokha.

Nthawi yothamangira kuchipatala

Wina aliyense amene ali ndi chotupachi, ndi onse a m'nyumba mwake, adziwe zizindikiro za kuphulika kwa mtsempha. Munthu amamva ululu woopsa wadzidzidzi m'mbali mwa mimba kapena kumsana pansi pa nthiti. Amachita chizungulire, thukuta lozizira, mtima umagunda mothamanga, m'manja ndi m'maso mumayera, mwina mkodzo umatuluka ndi magazi. Pamenepo si pofuna kuthowa ndi madzi otentha, kutema mphini kapena kudikira kuti kuche. Pezani galimoto nthawi yomweyo, ndipo pofika nenani kuti wodwalayu ali ndi chotupa mu impso.

Magazi mu mkodzo kwathu kuno timathamangira kunena kuti ndi likodzo, ndipo nthawi zambiri zimakhaladi choncho, makamaka kunyanja ndi kuchigwa cha Shire. Koma ngati mwamwa mankhwala a likodzo magazi osaleka, bwereraniko akakujambuleni.

Chenjezo linanso kwa makolo. Si chotupa chilichonse cha mu impso chomwe ndi chofatsa. Mwana wosakwana zaka zisanu akatupa mimba mbali imodzi, mukamva chinthu cholimba pomusambitsa, ikhoza kukhala khansa ya impso yotchedwa Wilms, yomwe ndi imodzi mwa khansa zopezeka kawirikawiri mwa ana m'Malawi muno. Imachizika ikapezeka msanga, ndipo ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre akhala akuthandiza ana otere kwa zaka zambiri. Choncho musadziuze nokha kunyumba kuti n'chosaopsa chija tidawerenga m'nyuzipepala. Wosiyanitsa ndi dokotala.

Chithandizo chilipo

Jini loonongeka silikonzeka, koma mavuto omwe limabweretsa amathandizika. Chotupa chaching'ono chosavuta sachichita opaleshoni, amangochiyang'anira. Munthu wa TSC amayenera kujambulitsa impso pakapita chaka chimodzi mpaka zitatu, malinga ndi momwe dokotala waonera, kuyezetsa BP chaka chilichonse, komanso kuyezetsa magazi kuti aone momwe impso zikugwirira ntchito. Izi n'za moyo wonse, ngakhale munthu akumva bwino. Ana ochepa a TSC amakhalanso ndi timatumba ta madzi tambiri mu impso, ndipo amenewa BP imawakwera akadali aang'ono.

Chotupa chikakula kapena chikataya magazi, njira ina n'kulowetsa kapaipi kakang'ono mu mtsempha wa m'mphechepeche mpaka kukafika ku impso, n'kutseka mtsempha womwe ukudyetsa chotupacho. Njira ina ndi opaleshoni yochotsa chotupa chokhacho n'kusiya impso. Madokotala amayesetsa kupewa kuchotsa impso yonse, makamaka mwa munthu wa TSC, poti inzakeyo nayonso imakhala ndi zotupa. Ndipo tonse tikudziwa kuti makina osefa magazi m'dziko muno ndi ochepa, ofuna kuwagwiritsa ntchito ndi ambiri. Kuteteza impso zomwe muli nazo n'kwanzeru kuposa kudalira makina.

Kupezeka kwa majini awiri aja kudatsegulanso njira ya mankhwala. M'dothi lomwe ofufuza adatenga pa chilumba cha Easter Island, chomwe eni ake amachitcha Rapa Nui, mudapezeka tizilombo topanga mankhwala omwe adawatcha rapamycin, dzina lina sirolimus. Patapita zaka zidadziwika kuti mankhwalawa amagwira ntchito yomwe buleki yoduka ija ikadagwira. Mbale wake wotchedwa everolimus adavomerezedwa ku America mu 2012 kuti azichepetsa zotupa za mu impso mwa anthu akuluakulu a TSC. Amachepetsadi zotupa, koma ndi odula, amatha kuyambitsa zilonda m'kamwa, amafooketsa chitetezo cha m'thupi, ndipo munthu akasiya kumwa zotupa zimayambanso kukula. Mayi woyembekezera kapena amene akufuna mimba sayenera kumwa. Si mankhwala ogula mwachisawawa ayi.

Kuyeza magazi kofufuza jini lenilenilo kulipo, ndipo kumapeza vuto mwa anthu 85 mpaka 90 mwa 100 a TSC. Kumachitika m'malabotale apadera ndipo n'kodula. Koma musataye mtima, dokotala amatha kutsimikiza TSC poona khungu, maso, ndi zithunzi za impso, mtima ndi ubongo. Yambirani kuchipatala chapafupi. Iwo akutumizani kuchipatala cha boma lanu, ndipo kukafunika mukafika ku Queen Elizabeth, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba Central kapena Mzuzu Central.

Pakhomo napo pali zochita. Chepetsani mchere, siyani fodya, imwani madzi okwanira. Pewani kumwa pafupipafupi mankhwala opha ululu monga brufen, indocid ndi diclofenac popanda uphungu wa dokotala, poti amalemetsa impso. Samalaninso ndi mankhwala a m'mabotolo ogulitsidwa m'misika omwe amati amatsuka impso kapena kusungunula zotupa. Impso yodwala kale siifuna zoyeserera.

Kwa inu amene mukukonzekera banja

Masiku ano achinyamata ambiri amakayezetsa magazi asanamange ukwati, ndipo n'zoyamikika. Onjezerani pamenepo kucheza za matenda a kumtundu kwanu. Funsani makolo ndi azakhali ngati m'banja mwanu mudakhalapo wa khunyu yoyamba ali khanda, wa timibulu ta kumaso tosatha, kapena amene adamwalira ndi impso akadali wachinyamata. Paja safunsa adadya phula.

Ngati muli ndi TSC, muuzeni mnzanuyo ukwati usanachitike. N'zovuta, inde, ndipo mantha oti akusiyani ndi omveka. Koma chinsinsi chotere chimadzaululika pa nthawi yoipa, mwana ali m'manja mwa anamwino, ndipo pamenepo chimene chimapha banja si matenda koma bodza. Pitani awiri kwa dokotala, mumve limodzi za theka lija, ndipo mugwirizane nokha. Mabanja ena amasankha kubereka n'kumayang'anira ana awo mwatcheru kuyambira tsiku lobadwa. Ena amasankha ana ochepa. Ena amalera ana a abale. Chisankhocho n'cha inu awiri, osati cha amalume kapena anzanu a kuntchito.

Ndipo inu amene mwauzidwa, musathawe ngati mwaona njoka. Munthu amene wakuululirani za thupi lake wakulemekezani. Kumbukiraninso kuti ana awiri mwa atatu a TSC amabadwa kwa makolo opanda chilichonse, kotero palibe banja lomwe linganene kuti kwathu izi sizingafike.

Kwa inu amene mwana wanu wapezeka kale ndi matendawa, mwanayo akufuna makolo onse awiri. Pali maulendo a kuchipatala, mankhwala a khunyu oti amwe tsiku lililonse osadumphitsa, aphunzitsi oti muwafotokozere, ndi abale oti muwaphunzitse kuti asamusale. Katundu ameneyu mayi yekha sangamusenze. Sungani bwino buku lake la kuchipatala, lembani tsiku lomwe adajambulidwa impso komaliza ndi kukula kwa chotupa chilichonse, ndipo akamakula mufotokozereni za thupi lake kuti adzathe kudzisamalira ndi kudzauza mnzake wa m'tsogolo.

Madzulo ano pomusambitsa mwana, tamuyang'anani bwino kumsana ndi m'miyendo. Mukaona mawanga oyera atatu kapena kuposa, kapena ngati khanda lanu limadzidzimuka mobwerezabwereza likangodzuka, mawa m'mawa mutengeni, bambo ndi mayi limodzi, mukaonane ndi achipatala.